Kusakaniza glyphosate, Bullet ndi 2,4-D m'thanki imodzi: n'zotheka?

Mwale_Mkanda

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mankhwala ophera udzu. Munda ndi wa maekala atatu, wa mtayakhasu, ndipo mvula yoyamba yadzutsa kale udzu: chisoso, bonongwe, kapinga m'zigawo zina, koma wochuluka kwambiri ndi khovani. Maekala awiri ndidzala chimanga, imodzi soya. Sipuleya ndi yobereka kumsana ya malita 16, madzi ndi apamjigo. Mankhwala amene alipo ndi glyphosate, Bullet, 2,4-D amine ndi atrazine waufa wotsala chaka chatha.

Kodi onsewa angalowe m'thanki imodzi kuti ndipopere kamodzi kokha? Ngati angalowe, woyamba ndi uti, wotsiriza ndi uti? Mlingo wa mankhwala aliwonse umachepetsedwa akasakanizidwa? Ena akuti ndithiremo paraquat pang'ono kuti udzu uume msanga. Funso lina ndi la mtsogolo: chimanga chikamera, ndingaphatikize nicosulfuron, wophera udzu m'chimanga chomera kale, ndi mankhwala a mbozi za ntchemberezandonda?

Nabanda

A Mwale, tiyambe ndi kuchotsa zosayenera kulowa m'thankimo, chifukwa pa zisanu mwatchulazo ziwiri zituluke pompano.

Atrazine waufayo abwerere pamalo pake. Bullet ali kale ndi atrazine mkati mwake, werengani pa lebulo pamene alembapo zomwe zili m'botolo muona. Mukaonjezera wina, mwapitirira mlingo osadziwa. Chimanga chingapirire chifukwa chimatha kumuphwanya atrazine m'thupi mwake, koma nthaka imamusunga miyezi ingapo, makamaka mvula ikakhala yochepa. Zotsatira zake mumaziona pa mbewu yotsatira: nyemba, soya, mtedza kapena maungu zimamera bwinobwino, kenako masamba amayamba chikasu kuchokera m'mphepete, n'kuuma. N'chifukwa chake Bullet yemweyo asafike pa ekala ya soya, ndipo ngati mukufuna kuponyamo nyemba, khobwe kapena maungu pakati pa chimanga, Bullet si mankhwala anu. Pa soya funani S-metolachlor payekha, monga Dual Magnum, amene amasakanizika bwino ndi glyphosate soya asanamere. 2,4-D nayenso asapite kumeneko masiku odzala ali pafupi: malebulo amene amamulola soya asanadzalidwe amafuna kuti padutse masiku 15 mpaka 30, kutengera mlingo.

Paraquat ndi glyphosate amalimbana ntchito. Glyphosate amafuna tsamba lamoyo kuti alowe, ayende pang'onopang'ono mpaka kumizu ndi kumitsitsi ya pansi. Paraquat amawotcha tsamba lomwelo pa tsiku limodzi kapena awiri, njira n'kutsekeka. Munda umaoneka wofiirira msanga, mtima n'kukhala pansi, koma pakapita milungu itatu kapinga waphukanso yense. Ndalama ya glyphosate yapita pachabe. Komanso paraquat ndi poizoni woopsa amene alibe mankhwala omuthetsa munthu akamumwa, choncho palibe chifukwa chomugwirira pamene sakufunika.

Atatu otsalawo angathe kukhala m'thanki imodzi pa munda wa chimanga, chimanga chisanamere, malebulo awo akapanda kuletsa. Koma kunena zoona ine sindikukulangizani kutero pa munda umene mwafotokozawu. Glyphosate ndi 2,4-D amafuna kugwera pa masamba. Bullet amafuna kugwera pa dothi lachinyezi, kenako mvula ya mamilimita 10 kapena 15 imulowetse pamene pali njere za udzu. Udzu ukakhala wothithikana, Bullet wambiri amatsakamira pa masamba osafika pansi. Chachiwiri, atrazine amafooketsako glyphosate pa maudzu ouma mutu ngati kapinga. Chachitatu ndi nthawi: 2,4-D pa chimanga amaperekedwa masiku 7 mpaka 14 musanadzale, kapena masiku 3 mpaka 5 mutadzala koma chisanamere, ndipo pa dothi lamchenga saloledwa chifukwa amatsikira pa mbewu. Ndi kutentha kwa December chimanga chimatha kutulutsa nsonga patangopita masiku asanu mutadzala, ndipo glyphosate akakhudza kansonga kameneko chimanga chafa. Mpata wake ndi wopapatiza kwambiri. Njira yodalirika ndi kupopera kawiri: glyphosate ndi 2,4-D amine sabata imodzi kapena ziwiri musanadzale, kuti khovani agonje popeza glyphosate yekha samupha bwino, kenako Bullet mkati mwa masiku awiri kapena atatu mutadzala.

Za mlingo: kusakaniza sikuchepetsa mlingo wa mankhwala aliwonse, ndipo sikuonjezera madzi. Aliyense amalowa ndi mlingo wake wonse wa pa lebulo, m'madzi amodzimodziwo. Chimene muyenera kudziwa kaye ndi madzi amene inuyo mumapopera pa hekitala. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, thirani madzi okhaokha m'sipuleya mpaka pa chizindikiro, poperani malowo pa mayendedwe anu a nthawi zonse, kenako yezani madzi obwezeretsa pa chizindikiro chija. Akakhala malita 2, ndiye kuti mumathira malita 200 pa hekitala. Pamenepo thanki ya malita 16 imakwana masikweya mita 800, kapena kuti mathanki 5 pa ekala. Lebulo likati malita 2.5 pa hekitala, m'thanki iliyonse mumalowa mamililita 200. Likati lita imodzi, mumalowa mamililita 80. Koma munthu woyenda pang'onopang'ono amene amathira malita 300 pa hekitala amafunika mamililita 133 okha m'malo mwa 200, popeza iye adzadzaza mathanki 7 ndi theka pa ekala. Akatengera muyezo wa mnzake, wapyola mlingo ndi theka lathunthu. Wopopera akasintha, kapena nozulo ikasintha, yezaninso.

Onaninso mphamvu ya glyphosate wanu. Botolo lolembedwa 480 g/L ya mchere wa isopropylamine ndi lofanana ndi lolembedwa 360 g/L ya asidi, choncho nambala yaikuluyo isakupusitseni kuti muchepetse. Ndipo mlingo wa kapinga ndi dawe pa lebulo umakhala wokwera, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri wa udzu wa nyengo imodzi. Zigawo za kapingazo zipoperedwe pazokha ndi thanki yake.

Phiri_Agro

Mayi Nabanda alongosola bwino, ndingosiyana nawo pang'ono pa mfundo imodzi. Ngati udzu ndi waung'ono, wosafika masentimita 10, dothi likuoneka pakati pake, glyphosate ndi Bullet m'thanki imodzi atangodzala ndi njira imene alimi ambiri a mtayakhasu amatsata ndipo imagwira. Pamene ikulephera, kawirikawiri mlandu umakhala wa madzi kapena wa ndondomeko yothirira, ndiye ndikhazikike pamenepo.

Madzi amatope ndi mdani woyamba wa glyphosate. Tinthu tadongo toyandama m'madzi timamugwira n'kumumanga asanatuluke n'komwe m'nozulo. Paraquat amachitanso chimodzimodzi. Ponyani ndalama yachitsulo pansi pa ndowa yodzaza: mukapanda kuiona bwino, madziwo sakuyenera. Madzi a mumtsinje kapena padambo nthawi ya dzinja atungidwe dzulo lake, adikhe usiku wonse, mutenge apamwamba okha, musefe ndi nsalu.

Apamjigo amaoneka oyera koma ali ndi vuto lawo. Ambiri amakhala ndi calcium, magnesium kapena ayironi wochuluka, ndipo zimenezi zimakakamira glyphosate n'kupanga mchere umene tsamba silitha kuyamwa bwino. Zizindikiro zake mumazidziwa kale: sopo sachita thovu msanga, ketulo imachita zoyera zolimba mkati, kapena simenti ya pamjigo imafiira. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madziwo amachita kumveka mchere m'kamwa. Mankhwala ake ndi ammonium sulphate, pa mlingo wa kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa malita 100, kutanthauza magalamu 160 mpaka 320 m'thanki yanu. Sulphate amagwira calcium uja glyphosate asanafike, n'chifukwa chake ayenera kulowa poyamba penipeni n'kusungunuka yense. Mukamuthira glyphosate atalowa kale, mwachedwa. Amathandizanso kuchepetsa kulimbana kwa atrazine ndi glyphosate kumene mayi Nabanda atchula.

Tsopano ndondomeko. Musaloweze mayina a mankhwala, yang'anani zilembo ziwiri zimene zimakhala pafupi ndi dzina pa lebulo. WP ndi ufa, WG ndi timibulu, SC ndi SE ndi amadzi okhuthara amene amadikha pansi pa botolo, EC ndi amafuta amene amayeretsa madzi akathiridwa, SL ndi osungunuka kotheratu. Zovuta kusungunuka zimatsogola, zosavuta zimatsiriza.

Thirani madzi malita 8 mpaka 10 kudzera pa sefa ya pakamwa pa thanki. Thirani ammonium sulphate amene mwamusungunula kale m'kachidebe. Ngati pali WP kapena WG, muyambe mwamukanda ndi madzi pang'ono m'kachidebe kena mpaka mibulu yonse ithe, kenako thirani, tsekani, khutchumulani, mudikire mphindi zitatu kapena zisanu. Kenako SC kapena SE, apa ndi pamene pakulowa Bullet, ndipo botolo lake likhutchumulidwe kwambiri musanayeze chifukwa atrazine amakhala atakhazikika pansi. Kenako EC, monga Harness kapena Dual Magnum. Kenako SL: 2,4-D amine ayambe, asakanikirane bwino, glyphosate atsirize. Mankhwala omatitsa pa tsamba alowe pambuyo pa zonse, ndipo pokhapokha lebulo litawafuna, chifukwa glyphosate wambiri amabwera nawo kale. Malizani kudzaza mpaka malita 16 mwapang'onopang'ono. Pakati pa mankhwala aliwonse ndi anzake, tsekani ndi kukhutchumula.

Zifukwa zake n'zomveka. Ufa umafuna madzi okhaokha kuti unyowe n'kumwazika. Mafuta a EC akaukuta usananyowe, umapanga zibuma zomata zimene sizidzasungunukanso, ndipo zimatseka sefa ndi nozulo. Glyphosate amatsiriza chifukwa amachita thovu lambiri: akalowa poyamba, thovu limasefukira thanki isanadzaze, mankhwala n'kutayikira pa malamba ndi pamsana panu, muyezo wa madzi n'kusokonekera.

Cholakwika chachikulu koposa ndi kuthira mankhwala awiri osasungunula m'kapu imodzi yoyezera. 2,4-D amine ndi glyphosate akakumana opanda madzi okwanira amagwirana ngati chambiko, makamaka glyphosate wa mchere wa potassium, monga Roundup PowerMax. Zimachitikanso m'thanki madzi akakhala ochepa kapena ozizira kwambiri. Yezani mmodzi, thirani, tsukuluzani kapuyo m'thanki momwemo, kenako yezani wina.

Musanaike ndalama zanu zonse m'thanki, yesani pang'ono kaye. Tengani botolo loonekera mkati, lotsekeka bwino, lokwana lita imodzi ndi mpata wokhutchumulira, mulilembe kuti ndi la poizoni. Gwiritsani madzi omwewo amene mukapoperere. Pa malita 200 pa hekitala, lita iliyonse ya mankhwala pa hekitala ndi mamililita 5 m'lita imodzi ya madzi, kilogalamu iliyonse ndi magalamu 5. Ndiye malita 2.5 ndi mamililita 12.5, ndipo ammonium sulphate ndi magalamu 10 mpaka 20. Sirinji yopanda singano imayeza bwino timilingo timeneti. Yambani ndi theka la madzi, tsatani ndondomeko yomweyo, dzazani, tembenuzani botolo kakhumi, muliike pamthunzi mphindi 30. Mukaona zibuma, ulimbo, timiyala, mafuta oyandama pamwamba, kapena botolo likutentha mukaligwira, kusakaniza kumeneko kwakanika. Zodikha pansi zimene zikumwazikanso mukatembenuza kawiri katatu n'zololeka, koma zikukuuzani kuti thanki iyenera kumagwedezeka nthawi zonse. Masipuleya ambiri obereka alibe chotakasira mkati, choncho mukaima ngakhale mphindi khumi, khutchumulani musanayambenso. Kupanda kutero mizere yoyamba imalandira atrazine wambiri, yotsiriza imalandira madzi.

Mankhwala osakaniza asagone m'thanki. Sakanizani okwana kupopera nthawi yomweyo.

Mwale_Mkanda

Zikomo kwambiri mayi Nabanda ndi bambo Phiri, zamveka. Ammonium sulphate ameneyu ndi feteleza uja timati SA? Nanga ngati palibe, CAN kapena urea angalowe m'malo mwake? Ndimaganizanso zosakanizira m'ndowa yachitsulo kapena mu mgolo kuti ndizingotunga n'kuthira m'sipuleya, kuopa kuyeza thanki iliyonse.

Chisale

Bambo Mwale, SA ndi yemweyo, koma wa m'thumba la feteleza amakhala ndi mchenga ndi zinyalala. Msungunuleni m'chidebe cha pulasitiki, adikhe, musefe ndi nsalu yothina, mutaye zotsalira pansi. Wopangidwira kupopera akapezeka m'sitolo ya zaulimi ndi wabwino koposa. CAN musayerekeze: C ameneyo ndi calcium, chinthu chomwecho chimene tikufuna kuchichotsa pa njira ya glyphosate. Urea alibe sulphate, ndiye sagwira calcium. Feteleza wopopera pa masamba wokhala ndi zinc, manganese, ayironi kapena calcium nayenso asakumane ndi glyphosate, pa chifukwa chomwecho.

Za ndowa yachitsulo, ayi ndithu. Malebulo a glyphosate amachenjeza kuti asasakanizidwe kapena kusungidwa m'chotengera cha malata kapena cha chitsulo chosakutidwa mkati, chifukwa amadyana ndi chitsulocho n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kuphulika. Mu mgolo wotseka, ndudu imodzi kapena machesi ndi zokwanira. Mgolo wa pulasitiki ndi wololeka ngati mukuutakasa ndi mtengo nthawi iliyonse musanatunge ndipo mumaliza onse tsiku lomwelo. Koma kutunga ndi kuthira kumachulukitsa mpata wodzitayira mankhwala, choncho pa maekala atatu kuyeza thanki ndi thanki n'kwabwinopo.

Ndikufuna nditsindike china pa kuyesa kwa m'botolo kumene bambo Phiri afotokoza, kuopa kuti ena angakukhulupirire mopitirira. Botolo limangokuuzani ngati mankhwalawo akukhalira limodzi m'madzi. Silinena kanthu za zimene zikachitike mkati mwa udzu kapena mkati mwa mbewu yanu. Glyphosate ndi paraquat angaoneke bwinobwino m'botolo, koma mwamva kale zimene amachita kumunda. Funso lanu lomaliza lija ndi chitsanzo choopsa kwambiri cha zimenezi.

Chimanga chimapulumuka ku nicosulfuron chifukwa chili ndi ma enzyme amene amamuphwanya mwachangu asanachivulaze. Mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, profenofos, dimethoate ndi malathion, amatsekereza ma enzyme omwewo. Akakumana, chimanga chimasowa chodzitetezera ndipo chimalandira nicosulfuron monga mmene udzu ukumulandirira: masamba a pamtima amachita mizere yachikasu kapena yoyera, amapindika, chimanga chimapinimbira. Mesotrione, wophera udzu wina wa m'chimanga, ali ndi vuto lofananalo. Ndipo si m'thanki mokha. Lebulo la nicosulfuron limafuna kuti organophosphate asapoperedwe masiku 7 musanathire nicosulfuron, kapena masiku 3 mutathira. Chenjerani chifukwa mankhwala ambiri a mbozi ndi ophatikiza: kutsogolo kwa botolo mukuona dzina lokopa, koma pa zolemba zazing'ono pali cypermethrin pamodzi ndi profenofos. Amene amalima mpunga ku Karonga, Nkhotakota kapena ku Domasi adziwenso kuti propanil, wophera udzu mumpunga, ali ndi lamulo lomweli, ndipo iye amafuna masiku 14 mbali zonse, kuphatikizapo mankhwala a gulu la carbamate monga carbaryl.

Ngakhale mutapeza mankhwala a mbozi amene salimbana ndi nicosulfuron, ntchito ziwirizi sizigwirizana kapoperedwe. Mbozi imabisala mumtima mwa chimanga, ndiye wopopera amaloza nozulo momwemo, phata ndi phata. Mankhwala a udzu amafuna kumwazika mofanana pa munda wonse ndi nozulo yotambasula, ndipo mumtima mwa chimanga ndi malo amene safunika kuunjikana. Mukawaphatikiza, kapena mupha mbozi n'kuwotcha chimanga, kapena mupha udzu mbozi n'kutsala.

Pa ekala ya soya mudzakumana ndi msampha wina soya akamera. Ophera maudzu a masamba owonda, monga fluazifop amene ali mu Fusilade Forte, haloxyfop, quizalofop kapena clethodim, amafooka akasakanizidwa ndi ophera udzu wa masamba otambalala monga bentazone wa mu Basagran. Chisoso chimafa, maudzu ena aja amangodwala n'kudzukanso. Poperani wa masamba owonda poyamba, winayo atsatire patapita tsiku limodzi mpaka atatu. Mukayamba ndi wa masamba otambalala, dikirani masiku 7 kuti maudzuwo ayambenso kukula, chifukwa udzu wodwala suyamwa mankhwala. Ndipo fluazifop ndi anzakewo amapha chimanga, popeza nachonso ndi mtundu wa udzu, choncho mphepo ikuwombera kumunda wa chimanga musapopere.

Kanthu kena kakang'ono: mankhwala otsitsa pH ya madzi amene amagulitsidwa kuti athandize glyphosate sayenera paliponse. Madzi akawawasa kwambiri, 2,4-D amine amayamba kuchita timiyala, ndipo timibulu ta nicosulfuron ndi anzake a gulu la sulfonylurea timavuta kusungunuka. Lebulo likapanda kuwatchula, asiyeni.

Malebulo awiri akasiyana mawu, tsatani lokhwimitsa. Lina likati madzi malita 100 ndi okwanira, lina likati osachepera 200, thirani 200. Lina likati mutha kudzala nyemba patapita miyezi itatu, lina likati isanu ndi inayi, ndi isanu ndi inayi. Mankhwala ogulitsidwa m'timabotolo totsanulira topanda lebulo sangasakanizidwe mwanzeru ndi chilichonse, chifukwa simudziwa mphamvu yake ngakhale mtundu wake. Gulani olembetsedwa ku Pesticides Control Board, a chidindo chosadulidwa, tsiku lake lisanathe.

Nabanda

A Chisale akhudza mtima wa nkhaniyi. Chatsala ndi sipuleya yeniyeniyo, chifukwa kusakaniza kwina kumachitika mwini wake osafuna: zotsalira za dzulo zikukumana ndi mbewu ya lero.

Pa zonse muli nazo, 2,4-D ndiye wovuta kutsuka. Amalowerera m'mapaipi a labala ndi m'pulasitiki, n'kumatuluka pang'onopang'ono mukathiramo mankhwala ena, makamaka a EC amene mafuta ake amamusungunula. Fodya, thonje, tomato ndi soya zimamumva ngakhale atachepa chotani: masamba atsopano amapota, amawonda, nsonga zimapindika. Kwa mlimi wa fodya lamulo ndi limodzi, sipuleya ya udzu ikhale yakeyake, yolembedwa ndi penti, isapite ku nazale kapena kudimba. Kwa inu a Mwale, yambani ndi ekala ya soya sipuleya isanalawe 2,4-D kapena Bullet, kenako mupite kwa chimanga. Ngati ndondomeko ya ntchito siikulola, tsukani motere.

Mukangomaliza kupopera, zisanaume, thirani madzi oyera malita 3 kapena 4, khutchumulani, pompani atuluke kudzera m'paipi ndi m'nozulo pa munda womwe mwapoperawo. Chitani zimenezi katatu. Madzi ochepa katatu amachotsa zambiri kuposa thanki yodzaza kamodzi. Masulani nozulo ndi masefa onse, kuphatikizapo kasefa kobisika m'chogwirira, muzitsuke ndi kaburashi kosungira ntchito yomweyo. Kenako dzazani thanki ndi madzi osakaniza ammonia wa m'nyumba, lita imodzi pa malita 100, kutanthauza mamililita 160 m'thanki yanu, pompani pang'ono kuti alowe m'paipi, musiye usiku wonse, m'mawa mutulutse n'kutsukuluzanso kawiri. Ammonia akasowa, sopo waufa amathandizako koma sangadaliridwe pa 2,4-D. Musaphatikize ammonia ndi Jik kapena chlorine wina aliyense, ngakhale kuthira Jik m'thanki imene munali SA, chifukwa mpweya umene umatuluka umawotcha mapapo. Pofuna kutsimikiza, gonekani madzi oyera m'sipuleya, muwapopere pa mbande zochepa za tomato, muone masamba atsopano kwa sabata imodzi.

Nozulo ya mankhwala a udzu ikhale yotambasula madzi ngati chikupizo kapena yogwetsa madontho akuluakulu, osati yozungulira ya nkhungu imene imagwiritsidwa ntchito pa tizilombo. Madontho aang'ono amauluka. Pompani mosapanikiza kwambiri, nozulo ikhale pafupifupi masentimita 50 pamwamba pa udzu. Pa mankhwala a SC ndi WP kasefa ka mabowo okulirapo (50 mesh) ndi koyenera, ka mabowo aang'ono (100 mesh) kamatsekeka pafupipafupi. Ikatsekeka, musaiuzire ndi pakamwa ndipo musaitokose ndi waya, chifukwa bowo likakula muyezo wanu uja wasintha. Yendani ndi nozulo ina yapadera ndi kabotolo ka madzi otsukira. Posankha 2,4-D pafupi ndi fodya kapena thonje la anzanu, mtundu wa amine ndi wotetezekako kuposa mtundu wa ester, amene amasanduka nthunzi dzuwa likatentha n'kuyenda yekha ngakhale mutapopera kopanda mphepo.

Nthawi yoopsa kwambiri kwa munthu ndi yoyeza ndi kuthira, pamene mankhwala ali ndi mphamvu zake zonse. Valani magolovesi a labala kapena nitrile ofika m'mikono, osati ansalu kapena achikopa amene amamwa mankhwala, chotchinga maso, malaya a mikono yaitali, ndi magambuti, buluku litakuta pamwamba pake. Yezerani pansi, osati botolo lili pafupi ndi nkhope, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Tungani madzi mupite nawo kumunda, musapite ndi mankhwala kumjigo. Malebulo a atrazine a ku America amaletsa kusakanizira pa mtunda wosakwana mamita 15 kuchokera pachitsime, ndipo kutalikira kuposa pamenepo n'kwabwino. Sipuleya yodontha pa chivindikiro kapena pa paipi ikonzedwe isanaberekedwe. Mabotolo otha atsukuluzidwe katatu, madziwo alowe m'thanki, kenako abooledwe kuti wina asasungiremo mafuta ophikira kapena thobwa.

Lembani pa pepala mankhwala onse amene ali m'thanki ndi milingo yake. Ngozi ikachitika, achipatala amafuna kudziwa onse, osati limodzi lokha. Akagwera pakhungu, vulani zovala, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera mphindi 15. Munthu akameza, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka, makamaka pa mankhwala a EC amene mafuta ake amatha kulowa m'mapapo posanza. Thamangirani naye kuchipatala ndi mabotolo kapena malebulo ake.

Tsiku lopopera glyphosate, dikirani mame aume, mphepo ikhale yochepa, ndipo kumwamba kuonetse kuti maola 6 adutsa mvula isanagwe. Udzu wofota ndi ng'amba kapena wokutidwa ndi fumbi suyamwa bwino. Mukapopera, musalime kapena kutchetcha kapingayo kwa masiku 7, ndipo musafulumire kubwereza: udzu wa nyengo imodzi umayamba chikasu pa masiku 4 mpaka 7, koma kapinga ndi dawe amatha kutenga milungu iwiri kapena itatu asanaonetse kuti afa.